Diso Lamanzere la Tak Gyuman

Mlongo wanga Gyuman sanakhalepo katswiri woti dziko lonse n'kumudziwa, ndipo amene angakuuzeni zimenezo ndiye kuti akufuna mumugulire mowa. Anamenya nkhonya ndi mateche zaka zoposa khumi ndi zisanu. Anapambana kambiri, koma anakunthidwanso kambiri ndithu. Lamba wa ukatswiri anatengapo mmodzi yekha, wa kuno ku Busan konkuno, ndipo ali m'kabati mwanga pamodzi ndi mbale za alendo.

Ine ndine Yeonsil, mchemwali wake wamkulu. Ndili ndi kanyumba kogulitsiramo zakudya kuseri kwa msika wa nsomba, ndipo pamwamba penipeni pa mutu wanga ndi pamene Aphunzitsi a Bong amaphunzitsira anyamata awo kumenyana. Denga limalira di! di! di! kuyambira m'mawa. Makasitomala atsopano amadzidzimuka n'kumayang'ana kumwamba, akale amangophimba mbale ndi dzanja n'kumapitiriza nkhani.

Mayi athu anamwalira Gyuman asanayambe sukulu. Bambo anali a m'sitima zopha nsomba kutali, kubwera kwawo kunali kwa apo ndi apo, ndiye mwanayo anakulira m'manja mwanga. Ndisabise, anandikanika. Ankathawa sukulu, ankaba nsomba zouma pa malonda a anthu, ndipo sabata sinkatha asanang'ambitse malaya pa ndewu. Tsiku lina Aphunzitsi a Bong anamupeza kuseri kwa msika atakwera pamsana pa mwana wa eniake. Anamugwira khutu, n'kukwera naye masitepe osamufunsa ngakhale dzina. Madzulo anatsika naye, maso ali psuu, n'kundiuza kuti: "Mayi, kamwanaka kali ndi miyendo yabwino, koma mutu mulibe kanthu. Ndibwerekeni."

Ndinawabwereka ndi manja awiri. Ankamudyetsa, anamugulira nsapato, ankapita kusukulu kukapepesa m'malo mwa bambo. Popita ku usilikali anamuperekeza ndi iwo, pobwerako anakamuchingamira ndi iwo omwe. Choncho musadabwe ndikanena kuti Aphunzitsi akanati nyanja ndi yofiira, Gyuman akanavomera kuti inde, yafiiradi. Munthu amene kwa ine ankayankha asanamve funso, pamaso pa mkuluyo ankaima manja kumbuyo, mutu pansi.

Anayamba ndi nkhonya za mateche, za m'bwalo la zingwe. Chida chake chinali theche la mwendo wamanja lolunjika m'nthiti, moti anyamata ena ankakhala pansi okha likawapeza, pakamwa pali yasaa kufuna mpweya. Dzina litamveka pang'ono anamuitana ku Japan. Tonse pamsika tinasonkhana pa kanema wa m'sitolo ya mankhwala, ndipo ine ndisanakhazikike bwino pampando, mlongo wanga anali atagona chagada akuwerengeredwa. Anabwerako ndi mphuno yokhota ndi mphika wamagetsi wophikira mpunga, mphatso yanga. Mphikawo unagwira ntchito nthawi yaitali kuposa mano ake a kutsogolo.

Kenako anthu anasiya kukonda za zingwezo, onse anathamangira nkhonya zosakaniza, zija amatsekerana m'khola la waya n'kumagwetsana pansi, kupotokolana mikono, kukanyangana pakhosi. Gyuman, munthu woti zaka makumi atatu zayandikira, anayambiranso ngati wa kalasi yoyamba, kumagubuduzidwa pamkeka ndi ana oti anawaona akuyamwa. Makutu ake anatupa n'kukwinyika ngati bowa wouma. Masana ankasenza mabokosi a ayezi kudoko, madzulo n'kukwera masitepe. Za banja ndinasiya kumufunsa. Ndinkangowauza amayi a pamsika kuti mlamu wanga ndi thumba la mchenga lopachika pamwambapo, ndipo salongolola.

Ntchito yanga pa zonsezi inali imodzi. Ndewu ikayandikira, Gyuman ankadzimana chakudya ndi madzi, kumakhala m'nyumba ya nthunzi mpaka masaya kulowa, kuti akwane pa sikelo. Akangotsika pa sikelopo, dzulo lake la ndewu, gulu lonse linkabwera kwa ine, ndipo ndinkamuphikira phala la mpunga lothira nkhono za m'nyanja. Sabata imeneyo msuzi wa ndere za m'nyanja sunkaphikidwa pakhomo panga. Kuno aliyense amadziwa kuti ndere ndi za munthu wokumbukira tsiku lobadwa ndi za mayi wongochira kumene, koma wopita ku mayeso kapena ku mpikisano sumupatsa, chifukwa n'zoterera, akaterereka n'kugwa. Ine ndinkapitirira apo. Kasitomala akaitanitsa msuziwo sabata imeneyo ndinkamulozera khomo la mnzanga wa kutsidya kwa msewu.

Zinthu zinasokonekera chilimwe cha chaka chimene Aphunzitsi anamukonzera ndewu yotsazikira. Zithunzi zinali zitamatidwa kale m'makoma, Gyuman atakunga zibakera, nkhope ngati wina wamubera nsapato. M'mawa wina ndinamuona akutuluka mumsika ndi bokosi paphewa. Ndinaimika dzanja, ndili chapafupi pomwepo kumanzere kwake, iye anangondidutsa. Ndinati mwina ndi njala ya sikelo. Asanapite patali, njinga yamoto yoperekera zakudya inatulukira kumanzere komweko. Aliyense anaiona n'kudumpha, koma iye anapitiriza kuyenda mpaka woyendetsayo anakhotera m'mabeseni a nsomba. Gyuman anatembenuza mutu wonse kuti aone chimene chachitika.

"Iwe, diso limenelo likuona?"

"Likuona, achemwali. Ndinali m'maganizo."

"Maganizo unawagula liti? Tseka lamanjalo. Ndaimika zala zingati?"

Anatseka, anayang'ana, n'kuseka. "Zokwanira kundimenya nazo khofi."

Ndinavula epuloni pomwepo n'kumukokera kwa dokotala wa maso, munthu wamkulu ndevu zili pepeya, ngati mwana wokana jekeseni. Dokotalayo anali mayi wachitsikana wosadziwa kuzungulira nkhani. Anati kachikopa ka m'kati mwa diso kayamba kumatuka, ndipo mbali ina yachita kale mdima. Akachita opaleshoni msanga, mwayi ulipo. Koma chibakera chimodzi champhamvu, disolo lidzazima osadzayakanso.

Ndiye chitsiru cha mlongo wangacho chinafunsa kuti: "Adokotala, zingadikire masabata atatu?"

Tili pamalo okwerera basi ndinamuthira mawu onse amene ndinali nawo. Anandisiya ndithe, kenako anayankha motsitsa.

"Achemwali, inu simukudziwa. Okonza masewerowa sankandifuna, ankati ndakalamba. Aphunzitsi anavala jekete, anakawerama pamaso pa anthu oti ndi ana kwa iwo, kuti andipezere malo. Anapereka mawu awo. Lero ndikawauze kuti abweze? Adzayenda bwanji mumzinda muno?"

"Nanga iwe udzayenda bwanji? Ndi ndodo?"

"Maso ndili nawo awiri."

"Poyeza maso a omenya ndewuyi sanakugwire bwanji?"

"Ndinaphimba labwinoli ndi dzanja, n'kumasuzumira pakati pa zala."

Ananena monyadira, ngati wakhoza mayeso. Ndinati ndikukwera masitepe lero lomwe kukawauza Aphunzitsi. Anandigwira mkono, ndipo nkhope imene ndinaiona sindinaionepo chiyambire.

"Mukanena, ine ndi inu zathera pomwepo. Lumbirani pa manda a amayi kuti simuwauza."

Ndinalumbira. Musandifunse chifukwa. Basi inali itafika, anthu ankatiyang'ana, ndipo ndinkaopa kuti ndikakana angosowa osadzabweranso kudzadya. Masabata otsatirawo sindinadye bwino. Denga likalira di! ndinkati ndi limenelo, lazima. Ndinathira mchere kawiri mumsuzi wa anthu, ndinathyola mbale, ndinakalipira wogulitsa anyezi wosalakwa. Aphunzitsi ankadutsa pakhomo n'kundipatsa moni wansangala, ine n'kumawerama.

Tsiku la sikelo linafika. Anabwera dzuwa lili paliwombo, gulu lonse, phokoso lili pwirikiti. Gyuman anali atakwana pa sikelo, milomo itang'ambika, maso atalowa. Anakhala pa tebulo lalitali la kukhoma, Aphunzitsi kumtunda kwa tebulo monga mwa nthawi zonse. Ndinawagawira onse phala lawo. Pomaliza ndinatuluka kukhitchini ndi mbale imodzi, n'kuiika patsogolo pa mlongo wanga. Munali msuzi wa ndere, wodzaza mpaka m'milomo, nthunzi ili tolotolo.

Masipuni anaima m'malere. Woyamba kuyankhula anali Dalsu, chimunthu chonenepa chimene chinayamba masewerowa pamodzi ndi Gyuman, chosatha kukhala chete ngakhale pamaliro.

"Aa, achemwali! Wabadwa lero ndani? Kapena mkuluyu wachira, mwana ali kuti?"

Palibe anaseka. Dalsu anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Achemwali, mwasokoneza mbale eti? Bweretsani kuno, ine sindimenya mawa."

"Siya mbaleyo, Dalsu. Ndaphikira mwini wake."

Gyuman anandiyang'ana, mitsempha ya m'khosi itaima. "Achemwali, chotsani ichi."

"Idya. Ndikufuna ukaterereke pamasitepe, usakafike n'komwe m'kholamo."

Mawu amenewo, pamaso pa mphunzitsi wa munthu, dzulo lake la ndewu, ndi chipongwe choti ena sangakukhululukire mpaka kumanda. Ndinkadziwa. Ndinaima pomwepo ndi thireyi pachifuwa, kudikira kuti Aphunzitsi anyamuke ndi anyamata awo osadzapondanso pakhomo panga.

Iwo sananyamuke. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine amene zaka zonsezi ndinkathamangitsa makasitomala chifukwa cha msuzi womwewu. Kenako anayang'ana Gyuman. Anaimirira pang'onopang'ono, mawondo akulira, anazungulira tebulo, n'kumugwira Dalsu paphewa kuti asendere. Anakhala pansi kumanzere kwa Gyuman.

"Tiyeni tidye," anatero. "Dalsu, tauza anzako za mdani wa mawayu. Akuti amakonda chiyani?"

Dalsu anayamba kubwebweta za mnyamata wa ku Daegu, wamanja aatali, ndipo onse anatembenukira kwa iye, Gyuman yemwe. Ali mkati mofotokoza, Aphunzitsi ananyamula ketulo ya tiyi wa balere mwakachetechete, n'kuiimika m'malere pafupi ndi phewa la Gyuman, monga amachitira wamkulu akafuna kukuthirira.

Mwana aliyense woleredwa amadziwa chochita pamenepo. Wamkulu akangogwira ketulo kapena botolo, iwe umasiya zonse, umanyamula kapu ndi manja awiri, mutu pansi. Gyuman pa zimenezi anali wachangu kuposa onse, kapu yake inkafika Aphunzitsi asanatambasule n'komwe mkono. Tsiku limenelo anangokhala, maso kwa Dalsu, kapu ili pa tebulo.

Ketulo inakhala m'malere. Mmodzimmodzi anyamata anaiona, nkhope zawo n'kusintha. Dalsu anayamba kudodoma, mawu anamuthera pakamwa. Ketuloyo inali yolemera, koma mkuluyo sanaitsitse. Gyuman anadabwa kuti anthu akuyang'ana chiyani, anatembenuza mutu wonse, n'kuiona. Anatola kapu mwaphuma mpaka inagubuduka.

"Pepani, Aphunzitsi! Pepani, ndinali..."

"Layamba liti?"

Gyuman anagwetsa nkhope.

"Ndikufunsa iwe. Layamba liti diso limeneli?"

"Chaka chatha, Aphunzitsi. Koma lamanjali lili bwinobwino. Ndi ndewu imodzi yokha. Ndidzatchinga kumanzereko, sindikuchititsani manyazi."

Aphunzitsi anaika ketulo pansi. Ndinkayembekeza khofi, ndipo kunena zoona ndikanawathandiza. Koma anangoyankhula ndi mawu osasa.

"Galu iwe. Ukuganiza kuti ndinakutola kumsika kuja kuti ndidzakuwolotse msewu utagwira malaya anga? Ndakhala ndikukuponyera zibakera kumanzere komweko mwezi wonse, ndikumati ulesi, ukalamba. Iwe uli chete?"

"Munapereka mawu anu, Aphunzitsi."

"Mawuwo ndi anga. Ndikawatenga ndekha."

Anaimirira, anatumiza Dalsu kukawatengera jekete pamwamba. Ali pakhomo anatembenuka n'kundiweramira, mutu wa imvi uja mpaka kutsika, pamaso pa anyamata awo onse. Ine ndinasowa kolowera. Ndinathawira kukhitchini, n'kukhala pa thumba la mpunga.

Zimene anakumana nazo kwa okonza masewero sanatiuze. Dalsu, amene anawaperekeza, anangoti anawaimika pakhomo nthawi yaitali, ndipo anawerama kangapo. Ndewu ya mawa lake inachitika, m'malo mwa Gyuman analowa wina. Anthu ena pamsika ankati Tak Gyuman wachita mantha, wathawa mwana wa ku Daegu. Mayi wina wogulitsa nkhanu ananena zimenezo ine ndikumva, ndipo mpaka lero nkhanu ndimagula kwina.

Opaleshoni inachitika sabata yomweyo. Dokotala anati anathira mpweya m'diso kuti ukankhire kachikopako pamalo pake, ndiye wodwala azigona chafufumimba, nkhope pansi, usana ndi usiku, kwa masabata. Zoti liona kapena ayi, anati tidikire. Ndinamuyalira m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini. Munthu amene moyo wake wonse ankakana kugonekedwa pansi ndi amuna anzake, anagonekedwa ndi kamayi kovala magalasi.

Masiku onsewo sanandiyankhule. Ndinkaika chakudya pansi pa nkhope yake, ankadya, ndinkachotsa mbale. Chimene ndinkaona ndi nkhongo yokha ndi makutu a bowa aja. Ndinkamuuza nkhani za pamsika, iye chete. Ndinkamutukwana, chete. Zinkandipweteka, sindikana. Koma ndinkati bola andide akundiona kusiyana n'kundikonda akupapasa khoma.

Aphunzitsi ankatsika masana aliwonse. Ankakhala pansi pambali pake n'kumamuwerengera nyuzi, ngakhale za mitengo ya kabichi. Tsiku lina ndili kusenda adyo ndinamva akumuuza kuti: "Ukadzuka pamenepa, ana ophunzira madzulo aja ndi ako. Mawondo angawa atha. Koma uyambe wapepesa achemwali ako, apo ayi usakwere masitepe anga." Gyuman anayankha kuti inde, Aphunzitsi, mawu akutulukira mu pilo. Kupepesako sikunabwere, ndipo ine sindinakudikire.

Tsiku lokaonetsa diso tinakwera basi limodzi, aliyense akuyang'ana windo lake. M'chipinda cha dokotala ndinakhala pakona, chikwama ndachikumbatira, mtima ukugunda ngati denga la kwathu. Dokotala anaunika m'disomo nthawi yaitali. Kenako anaphimba lamanja ndi kachitsulo, osati dzanja, chifukwa ndinali nditamutsina khutu za kusuzumira kuja. Anayatsa zilembo pakhoma.

Gyuman anawerenga chachikulu cha pamwamba. Anawerenga mzere wachiwiri. Wachitatu anaphonya chimodzi, n'kudzikonza yekha. Pa wachinayi anaima.

"Basi, zakwana," anatero dokotala. "Kachikopa kagwira. Silidzakhala lakuthwa ngati kale, koma ndi diso, muzionera. Za zibakera muiwale."

Kachitsulo kadakali pa diso lamanja, Gyuman anatembenuka pampando paja n'kundiyang'ana ndi lamanzere lokhalo, lofiira, lamisozi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati munthu wofika kuchokera kutali.

"Achemwali," anatero, mawu ake oyamba kwa ine chichokere tsiku la sikelo, "mwavala juzi chotembenuza."

Ndinayang'ana. Inalidi yotembenuza, misoko yonse ili panja, ndipo ndinali nditadutsa nayo mzinda wonse. Ndinafuna kumuyankha zoti zimuwawe, koma ndinangotuluka. Ndinakhala pa benchi ya m'khonde pakati pa anthu osawadziwa, ndipo ndinalira mokweza ngati mwana, juzi ili chomwecho. Namwino wina anathamanga kudzandigwira paphewa, akuyesa kuti tamva uthenga woipa.

"Ayi, mwanangu," ndinamuuza. "Akuona."